Kuwala kopanda moto: momwe chiphaniphani chinalowera m'labotale

Mvula ikayamba kugwa, madambo amadzaza ndi timiuni touluka. Ana amathamangitsa ziphaniphani n'kuzifumbata m'manja, ndipo amadziwa chinthu chimene akuluakulu sachilabadira: kachilomboka kamawala koma sikawotcha. Khala la pa mbaula, kandulo, koloboyi ndi babu lachikale zimawala chifukwa zatentha kwambiri, ndipo wozikhudza amapsa chala. Chiphaniphani chili ndi njira yakeyake.

Asayansi amatcha njira imeneyi chemiluminescence, kutanthauza kuwala kumene kumabadwa makemikolo akakumana n'kusanduka zinthu zatsopano. Zikamachitikira m'thupi la chamoyo, dzina lake ndi bioluminescence. Kwa zaka zambiri kuwala kotereku kunali chodabwitsa chongoonerera. Lero kumathandiza apolisi kupeza magazi amene wina anayesa kuwakolopa, madokotala kuzindikira matenda akadali koyambirira, ndi ofufuza kuyesa mankhwala atsopano a malungo ndi kaodzera. Gwero la ntchito zonsezi ndi limodzi: pa mdima wandiweyani, kuwala kochepetsetsa kumaoneka, ndipo makina angathe kukuwerenga. Wasayansi akamangirira kuwalako ku chinthu chimene akuchisaka, chinthucho chimadziulula chokha.

Kumene kuwalako kumachokera

Zinthu zonse zinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu, ndipo maatomu akalumikizana amapanga mamolekyu. Makemikolo awiri akakumana, maatomu awo amalekana ndi anzawo akale n'kugwirana ndi atsopano. Kawirikawiri pa kusinthana kumeneku pamatsala mphamvu, imene imatuluka monga kutentha. N'chifukwa chake simenti yosakaniza ndi madzi imafunda pamene ikulimba.

Pa makemikolo ena ochepa, mphamvu yotsalayo imalowa mu molekyu yatsopanoyo n'kukankhira elekitironi imodzi pamwamba pa malo ake. Elekitironiyo sikhalitsa kumeneko. Imabwerera m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, ndipo pobwererapo imataya mphamvu ija monga kadontho kamodzi ka kuwala, kamene asayansi amati photon. Ikatsika kuchokera patali, kuwala kumakhala kwa buluu. Ikatsika kuchokera pafupi, kumakhala kwachikasu kapena kofiira. Pafupifupi nthawi zonse pa ntchitoyi pamafunika okosijeni, kaya wa mu mpweya kapena wochokera ku mankhwala monga hydrogen peroxide.

Babu lachikale lija limataya pafupifupi magawo 90 pa 100 a magetsi ake monga kutentha. Koma ofufuza a ku Japan anapeza mu 2008 kuti mwa mamolekyu 100 alionse amene chiphaniphani chimagwiritsa ntchito, pafupifupi 41 amatulutsa kuwala. Makemikolo ambiri opangidwa ndi anthu safika pamenepa.

Kuwala kumeneku n'kosiyana ndi kwa mivi ya wotchi imene imaoneka usiku. Mivi ija imayamba yalandira kuwala kwa dzuwa kapena kwa nyali, n'kumakubweza pang'onopang'ono. Chemiluminescence safuna nyali ina iliyonse. Choncho makina oyezera amadikira mu mdima weniweni, ndipo kadontho kalikonse ka kuwala kamene alandira n'kochokera ku chinthu chimene chikuyezedwacho.

Chikuni chowola ndi madzi otentha

Mu 1667, Robert Boyle wa ku Britain anatenga chikuni chowola chimene chinkawala usiku n'kuchiika m'chigalasi, kenako anapopa mpweya wonse. Kuwala kunazima. Atabwezeramo mpweya, kunayambiranso. Panthawiyo okosijeni anali asanadziwike, koma Boyle anaonetsa kuti kuwala kozizira kumadalira mpweya monga momwe moto umachitira. Lero zikudziwika kuti chowala pa chikuni chotere ndi timizu ta mitundu ina ya bowa timene tikudya mtengowo. Munthu wokumana ndi chitsa chowala m'nkhalango usiku alibe chifukwa choganizira mnansi wake zoipa.

Patapita zaka ziwiri, mu 1669, Hennig Brand wa ku Hamburg, amene ankafuna kupanga golide, anawiritsa mkodzo wambiri n'kupeza chinthu choyera chowala mu mdima. Chinthucho ndi phosphorus, ndipo chimawala chifukwa chokumana pang'onopang'ono ndi okosijeni wa mu mpweya.

Amene anamasula mfundo yaikulu anali Raphaël Dubois wa ku France. Mu 1885 anapera ziwalo zowala za kachilombo kena ka ku America m'madzi ozizira. Madziwo anawala kwakanthawi n'kuzima. Ziwalo zina anaziika m'madzi otentha, ndipo kuwala kunathera pomwepo. Atasakaniza madzi awiri ozimawo, kuwala kunabwerera. Dubois anazindikira kuti pali zinthu ziwiri. China chimatha ngati mafuta a m'nyali koma sichionongeka ndi kutentha. Chinacho sichitha, ntchito yake n'kufulumizitsa kusinthako, koma madzi otentha amachipha. Choyamba anachitcha luciferin, chachiwiri, chomwe ndi enzaimu, anachitcha luciferase. Maina onsewa anachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza wonyamula kuwala, limene Aroma ankatchulira nthanda, nyenyezi ya m'bandakucha. Dzina loti chemiluminescence linabwera mu 1888 kuchokera kwa Eilhard Wiedemann wa ku Germany.

Chitsanzo chapafupi cha kuwala kotere kopangidwa ndi anthu ndi timitengo tapulasitiki timene timawala tikapindidwa. M'kati mwake muli kabotolo kagalasi ka hydrogen peroxide, kozunguliridwa ndi kemikolo ina ndi utoto. Munthu akapinda kamtengoko, kabotolo kamasweka, makemikolo amasakanikirana, ndipo mphamvu yake imapita ku utoto umene umapereka mtundu wa kuwala. Maziko a luso limeneli anawapeza Edwin Chandross wa ku Bell Labs, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Popeza timitengoti sititentha kapena kuthetheka, asilikali, osambira pansi pa nyanja ndi opulumutsa anthu pa ngozi amatidalira pamene moto ungakhale woopsa.

Magazi okolopedwa

Mu 1928, H. O. Albrecht wa ku Germany analemba za kuwala kwa buluu kwa kemikolo yotchedwa luminol. Mu 1937, Walter Specht wa ku Jena anaonetsa kuti ingathandize pofufuza milandu. Luminol yosakaniza ndi hydrogen peroxide siwala kwenikweni payokha, imafuna chofulumizitsa. M'magazi muli ayironi, yemwe amakhala mu puloteni yonyamula okosijeni yotchedwa haemoglobin, ndipo ayironiyo amagwira bwino ntchito imeneyi.

Wofufuza amatseka zitseko ndi mazenera kuti m'chipinda mude, n'kupopera mankhwalawo pansi kapena pakhoma. Pamene panagwera magazi pamawala buluu kwa masekondi pafupifupi 30, nthawi yokwanira kujambula chithunzi. Ngakhale pakhale pokolopedwa, timadontho totsalira m'ming'alu ya simenti kapena ya thabwa timaoneka, ndipo nthawi zina pamaoneka mapazi kapena mkukuluzi wa chinthu chimene chinakokedwa. Specht anaonanso kuti magazi akale ouma amawala bwino kuposa atsopano.

Komabe kuwala kumeneku si umboni womaliza. Luminol imawalanso ikakumana ndi mankhwala oyeretsera monga Jik, zitsulo zina monga kopa, ndi madzi a zomera zina. Sisiyanitsa magazi a munthu ndi a nyama: khitchini imene munaphedwa nkhuku kapena mbuzi ingawale chimodzimodzi. Chimene imachita n'kulozera wofufuza pamene ayenera kutapa. Zotapidwazo ziyenera kukayezedwa mwa njira zina kuti zitsimikizike kuti ndi magazi, kuti ndi a munthu, ndipo kuyeza DNA n'kumene kumanena mwini wake. Bwalo la milandu limene lingagamule potengera kuwala kwa buluu kokha likhoza kumanga munthu wosalakwa.

Chiphaniphani chiyamba ntchito

Mu 1947, William McElroy wa pa sukulu ya ukachenjede ya Johns Hopkins ku Baltimore anapeza kuti luciferin ndi luciferase ya chiphaniphani zimafuna chinthu chinanso kuti ziwale. Chinthucho ndi ATP, kamolekyu kamene selo lililonse lamoyo limasungiramo mphamvu yogwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Pofuna kupitiriza kafukufukuyu, McElroy ankalipira ana a mu mzindawo kuti azimugwirira ziphaniphani.

Zimene anapezazi zinatsegula khomo lalikulu. Ngati kuwala kumatuluka pokhapokha pali ATP, ndiye kuti kuchuluka kwa kuwalako kunganene kuchuluka kwa ATP, ndipo pamene pali ATP pali zamoyo kapena zotsalira zake. Masiku ano m'mafakitale a zakudya, m'malo okonzera mkaka ndi m'zipatala zambiri, woyendera ukhondo amapukuta tebulo kapena chiwiya ndi kathonje, n'kukalowetsa m'kachubu ka makemikolo a chiphaniphani. Kamakina ka m'manja kamapereka nambala m'masekondi ochepa, pamene kumeretsa mabakiteriya m'labotale kumatenga tsiku limodzi kapena awiri. Njirayi nayo ili ndi malire. Sinena mtundu wa mabakiteriya, imawerenga ndi zotsalira za chakudya zomwe, ndipo mavairasi siwaona chifukwa alibe ATP yawoyawo.

Mu 1985, gulu la Marlene DeLuca ku University of California, San Diego, linapatula jini imene imauza thupi la chiphaniphani kupanga luciferase. Chaka chotsatira, magazini ya Science inasindikiza chithunzi chimene chinadabwitsa dziko: mtengo wa fodya wowala kuyambira ku mizu mpaka ku masamba. Fodyayo anamuika jini ya chiphaniphani n'kumuthirira madzi a luciferin, ndipo kuwala kwake kunali kofooka moti panafunika maola ambiri kuti kujambulidwe. Cholinga sichinali kupanga nyali ya m'munda. Ofufuzawo ankafuna kuonetsa kuti jini yowala ingalumikizidwe ku jini ina iliyonse, kuti jiniyo ikayamba kugwira ntchito, selo liwale.

Luso limeneli likugwira ntchito pa matenda amene Amalawi amawadziwa bwino. Tizilombo ta malungo tikalowa m'thupi timayamba tabisala m'chiwindi, kumene timachulukana munthu asanamve kalikonse. Ofufuza amaika jini ya luciferase m'tizilombo ta malungo a mbewa, n'kupatsira mbewa za m'labotale. Mbewa ikabayidwa luciferin n'kugonekedwa m'bokosi lamdima lokhala ndi kamera yamphamvu, kuwala kumadutsa khungu n'kuonetsa pamene tizilomboto tili ndi kuchuluka kwake. Mankhwala akagwira, kuwala kumazilala, akalephera, kumakula. Mbewa imodzi imayezedwa tsiku ndi tsiku popanda kuiphera kuti aone za m'kati.

N'chimodzimodzi ndi kaodzera, nthenda yofalitsidwa ndi kashembe imene imapezekabe m'madera oyandikana ndi nkhalango ku Nkhotakota ndi ku Rumphi. Nthendayi imaopsa kwambiri tizilombo tikafika mu ubongo, kumene mankhwala ambiri salowa. Tizilombo towala timaonetsa ofufuza ngati mankhwala atsopano afikadi kumeneko. Oyesa katemera wa HIV nawo amagwiritsa ntchito maselo amene amawala kachilombo kakawalowa. Amathira magazi a munthu wolandira katemera, ndipo kuwala kukachepa, ndiye kuti chitetezo cha m'magaziwo chatsekereza kachilomboko. Njira yofanana nayo inathandiza poyesa akatemera a Covid-19.

M'labotale ya chipatala

Thupi likalowedwa ndi kachilombo limapanga mapuloteni achitetezo otchedwa maantibodi, ndipo iliyonse imagwira mdani wa mtundu umodzi wokha, monga kiyi ndi loko wake. Akatswiri amapanga maantibodi otere n'kuwamata kemikolo yowala, kawirikawiri ya mtundu wa acridinium. Magazi a wodwala akasakanizidwa nawo, maantibodiwo amakakamira pa chinthu chimene akuchifuna, ngati chilipo. Makina amatsuka zonse zosakakamira, n'kuthira hydrogen peroxide ndi mankhwala ena oyatsira. Pamatuluka kung'anima kwa masekondi owerengeka, ndipo kachipangizo kowerenga madontho a kuwala kamasandutsa kung'animako kukhala nambala.

Mwa njirayi malabotale aakulu padziko lonse amayeza HIV, matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, chindoko, mahomoni a chithokomiro, ndi puloteni yotchedwa troponin imene imatuluka mtima ukavulala. Ubwino wake ndi woti imaona zinthu zochepa kwambiri, choncho nthenda imadziwika msanga, zimene zili zofunika kwambiri poyeza magazi oti apatsidwe kwa wodwala wina. Kale ntchito yotere inkadalira makemikolo otulutsa cheza choopsa cha radiation, pa njira imene anayambitsa Rosalyn Yalow ndi Solomon Berson, ndipo Yalow analandira nayo Mphoto ya Nobel mu 1977. Kuwala kwa makemikolo kunachotsa chiopsezocho kwa ogwira ntchito.

Makina amenewa amafuna magetsi osathimathima, makemikolo osungidwa m'firiji ndi akatswiri owakonza. N'chifukwa chake m'zipatala zing'onozing'ono mumagwiritsidwa ntchito tizipangizo toyezera mwachangu, timene timaonetsa zotsatira ndi mzere wa utoto. Mfundo ya maantibodi ndi yomweyo, chosiyana ndi chizindikiro chake.

Zaka za kudekha pa gombe

Osamu Shimomura anali mnyamata wa zaka 16 kufupi ndi Nagasaki pamene bomba la atomiki linaphulika mu 1945. Atakula anaphunzira za makemikolo, ndipo mu 1961 anapita ndi Frank Johnson wa ku Princeton ku Friday Harbor, kumpoto chakumadzulo kwa America. Kumeneko ankakola kanyama ka m'nyanja kotchedwa jellyfish, kooneka ngati kaambulera koonekera m'kati, kamene m'mphepete mwake mumawala mobiriwira.

Njira ya Dubois ya madzi otentha ndi ozizira inakanika pa kanyamaka. Tsiku lina Shimomura anataya madzi amene anafinya ku tinyamato mu sinki momwe munkadutsa madzi a m'nyanja, ndipo munang'anima buluu. Atafufuza anapeza kuti choyatsa chinali kashiamu wa m'madziwo. Puloteni yowalayo anaitcha aequorin, ndipo analengeza za iyo mu 1962. Popeza imawala ikangokumana ndi kashiamu, asayansi anaibaya m'minofu n'kuona ndi maso kuti kashiamu amachuluka m'selo mnofu usanakungike. Kashiamu yemweyo ndi amene amayendetsa kugunda kwa mtima ndi mauthenga a m'mitsempha.

Mu lipoti lomwelo Shimomura anatchula mwachidule puloteni ina imene imalandira mphamvu ya buluu ija n'kuisandutsa kuwala kobiriwira. Puloteniyi, imene lero imadziwika kuti GFP, sipanga kuwala payokha, imafuna kuunikiridwa. Mu 1994 Martin Chalfie anaonetsa kuti jini yake imagwira ntchito m'mabakiteriya ndi m'kanyongolotsi, ndipo Roger Tsien anaisintha kuti ipereke mitundu yambiri. Atatuwa analandira Mphoto ya Nobel ya chemistry mu 2008. Pofika nthawiyo Shimomura, banja lake ndi anzake anali atakola tinyama pafupifupi 850,000. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mpweya ndi madzi

Utsi wa galimoto ndi wa mafakitale umakhala ndi mpweya wa nitric oxide. Mpweyawu ukakumana ndi wina wotchedwa ozone umatulutsa kuwala kofiira kofooka kwambiri. Makina oyezera kuipa kwa mpweya m'mizinda amakoka mpweya wa mumsewu, kuusakaniza ndi ozone m'kachipinda kamdima, n'kuwerenga kuwalako. Makina ofanana nawo amayeza nitric oxide mu mpweya umene wodwala mphumu wapuma, pofuna kudziwa kukula kwa kutupa kwa m'njira za mpweya.

Poyeza madzi, mfundo imatembenuka. Pali mabakiteriya a m'nyanja otchedwa Vibrio fischeri amene amawala nthawi yonse ali athanzi. Akathiridwa madzi ochokera ku fakitale kapena ku mgodi, poizoni aliyense amawafooketsa, ndipo kuwala kumachepa pasanathe theka la ola. Apa chenjezo ndi mdima. Mayesowa sanena dzina la poizoniyo, koma amauza woyeza kuti madziwo afufuzidwe asanafike ku mtsinje umene anthu amamwa.

Zimene zatsala mu mdima

Pa ntchito zonsezi, kuwala kumayankha funso limodzi lokha, lomwe wasayansi anakumangirirako. Luminol imanena kuti pali chofulumizitsa, kathonje kamanena kuti pali ATP, mabakiteriya ozilala amanena kuti pali chowapweteka. Kumasulira yankholo ndi udindo wa munthu wodziwa malire a chida chake.

Palibe mwa Boyle, Dubois ndi Shimomura amene ananyamuka ndi cholinga chopanga chida cha chipatala. Onse ankangofuna kudziwa chifukwa chake chinthu chikuwala, ndipo phindu linabwera patapita zaka makumi, mwinanso mazana. Zamoyo zowala zosafufuzidwa zikadali zambiri. Kafukufuku wa bungwe la Monterey Bay Aquarium Research Institute wa mu 2017 anapeza kuti mwa nyama zinayi zilizonse zimene makamera anaona m'madzi a kufupi ndi California, kuyambira pamwamba mpaka pakuya, zitatu zimatha kupanga kuwala.

Ziphaniphani zilipo mitundu yoposa 2,000, ndipo zambiri zimathwanima pofuna kuti yaimuna ndi yaikazi zipezane. Luciferase ya m'malabotale masiku ano imapangidwa ndi mabakiteriya oikidwa jini ija, choncho ana safunikanso kugwira ziphaniphani za asayansi. Zimene zikuziopseza tsopano ndi kutha kwa malo achinyontho kumene mphutsi zake zimakulira, mankhwala ophera tizilombo m'minda, ndi magetsi owala usiku wonse amene amasokoneza zizindikiro zawo. Dambo likauma kapena likalimidwa mpaka m'mphepete mwa madzi, timiuni tija timachepa chaka ndi chaka, ndipo timapita ndi mayankho a mafunso amene palibe anawafunsa.